Mandu a Wapaulendo

Pofika tsiku lomwe ndinkatsazika sukulu, Taerim anali atatha masiku anayi akundiyankha ngati kalaliki wotopa. Ndikalemba mizere khumi, iye ankabweza liwu limodzi. "Eya." Nthawi zina, "Kenako."

Ine ndinali ndi zaka 19, ndipo ndinali nditatopa kukhala chibwenzi cha pamasitepe. Miyezi isanu ndi itatu yonse tinkakumana pamenepo, pamasitepe a nyumba yosanja yomwe timakhala ine ndi amayi. Taerim ankabweretsa chakudya panjinga yamoto kuchokera ku lesitilanti ya amayi ake, ndipo pakapita ola ankabweranso kudzatenga mbale. Anthu ena amangoziponya pakhomo zili bii ndi msuzi. Ine ndinkazitsuka, n'kuzipukuta, n'kukhala nazo pamiyendo kumudikira. Chikondi chathu chinakulira pamenepo, mphindi khumi khumi, injini ili chilirire panja.

Koma amayi ake sanali kundidziwa. Ndinalumbira kuti tsiku limeneli andidziwa, ndipo Taerim anena ndi pakamwa pake kuti ine ndine ndani.

* * *

Amayi anga anafika pageti la sukulu atavala yunifolomu ya kuntchito kwawo, kunyumba yosamalira okalamba, mkati mwa jasi. Anandipatsa maluwa achikasu omwe anagula pomwepo kwa azimayi ogulitsa.

"Imirira bwino ndikujambule. Mwetulira, Boreum! Ukukhala ngati akukutengera kupolisi."

"Amayi, simungapemphe kuti mulowe madzulo?"

"Nanga okalamba makumi awiri aja awasambitsa ndani, iweyo? Ukadye ndi a kwa mnzako Dasom, amayi ake akuitana."

"Ndili nako kodyera."

Amayi anatsitsa foni pang'onopang'ono.

"Kwa mnyamata wa Matchaina uja?"

"Anabadwira konkuno ku Gunsan, amayi. Chipatala chomwe munandiberekera ine."

"Bambo akenso anabadwira konkuno. Unamvapo atiitana paukwati? Anthu aja ali ndi sukulu yawo, chilankhulo chawo, akazi awo. Akakumwetulira chifukwa ndiwe kasitomala, iwe n'kumati wapeza apongozi."

"Simukumudziwa."

"Ndikukudziwa iweyo. Ukafuna chinthu umathamanga nsapato zili m'manja." Anandikonza kolala, n'kundimenya pang'ono paphewa. "Basi yanga iyo. Usalire pagulu, wamva?"

Ndinatsala ndekha pakati pa anzanga omwe ankajambulitsa ndi abambo awo, agogo awo, ngakhale agalu awo. Chipale chofewa chinali chitayamba kugwa, chochepa chabe, chongonyowetsa tsitsi.

* * *

Tsiku lotsazika sukulu aliyense amadya jajangmyeon. Palibe amafunsa chifukwa chake. Amayi anga anadya, agogo anga anadya: myeon, tizingwe tatitali ta ufa wa tirigu tija, tothiridwa msuzi wakuda wa nyemba, anyezi ndi nkhumba. Ndiye ndinadziwa kuti ngakhale amayi ake a Taerim atakhala ouma mtima bwanji, sangabweze mtsikana wonyamula maluwa ndi setifiketi.

Mawindo a lesitilanti anali atachita nthunzi. Mkati munali phokoso lokhalokha. Patebulo lililonse panali maluwa, abambo ofiira nkhope akukweza matambula, tiana tili ndi ndevu zakuda za msuzi.

"Muli angati?" anafunsa mayi wina wothandiza, osandiyang'ana.

"Ndili ndekha."

Apa anandiyang'ana. Anayang'ana maluwa, n'kuyang'ana kumbuyo kwanga ngati banja langa labisala kuseri kwa chitseko.

"Wekha? Lero?"

"Eya, azakhali."

Anandikhazika pa katebulo kakang'ono pafupi ndi khomo la kukhitchini, pomwe amasanjikapo mabokosi a timitengo todyera. Ndinaika maluwa pampando winawo kuti usaoneke wopanda munthu. Kenako ndinachita manyazi n'kuwachotsa. Kenako ndinawabwezeranso.

Taerim anatuluka m'khitchini atanyamula mbale zinayi. Atandiona, mbale imodzi inapendekeka. Anakagawa chakudyacho, n'kubwerera ndi jagi ya madzi ngati akutumikira mlendo.

"Ukutani kuno?" ananong'ona.

"Ndabwera kudzadya, oppa. Kapena mwaletsa anthu a dzina loyamba ndi B?"

Dzina lakuti oppa, lomwe mtsikana amaitanira mchimwene wake kapena mnyamata wa pamtima pake, ndinalitchula mokweza dala. Makutu ake anafiira.

"Boreum, lero si tsiku labwino."

"Dzulo silinali labwino. Dzana silinali labwino. Labwinolo lidzabwera pa basi yanji, ndikalichingamire?"

"Ndikufotokozera, koma osati muno."

"Ndamaliza sukulu lero. Sunanene n'komwe kuti zabwino zonse, wachita bwino."

Anatsegula pakamwa, koma mawu a mzimayi anaphulika kukhitchini m'Chitchaina, ndipo Taerim anathamangira komweko. Madzi anaiwala kundithirira. Ndinadzithirira ndekha.

* * *

Ndinaitanitsa jajangmyeon n'kudikira. Omwe anabwera pambuyo panga analandira chakudya. Patebulo loyandikana nalo, bambo wina anaimirira kuti ayimbire mwana wake nyimbo ya sukulu, mkazi wake akumukoka jekete kuti akhale pansi. Ine ndinapinda pepala la timitengo todyera mpaka linakhala kabwato, kenako ndinalipindula.

Chitseko chinatseguka ndipo munalowa mtsikana akukoka sutikesi yofiira. Anali wamtali, jasi loyera, tsitsi lodula bwino lofika m'khosi. Sanadikire kufunsidwa kuti ali angati. Anafuula mawu awiri m'Chitchaina, ndipo amayi ake a Taerim anatuluka m'khitchini manja ali mbuu ndi ufa.

Ndinali ndisanawaonepo pafupi. Anali aafupi, a mapewa otakata, magalasi akulendewera pachingwe. Taerim ankati chimwalirireni bambo ake amayiwa saseka. Koma apa anaseka, n'kumugwira mtsikanayo masaya onse awiri, ufa n'kutsalira pankhope pake. Taerim anatenga sutikesi ija kupita nayo mkati ngati anazolowera kulemera kwake.

Dzina ndinalimva: Hyerang. Ndinkalidziwa. Anaphunzira limodzi ndi Taerim kusukulu ya Matchaina asanapite ku Taipei. Taerim ankati amamutenga ngati mlongo chabe. Mlongoyo anakhala patebulo la eni nyumba, pakona, akuvula magolovesi chala chimodzichimodzi.

Kenako kukhitchini kunamveka phu! phu! phu! Ndinasuzumira pakhomo. Amayi aja anali akumenyetsa mtanda wa ufa pathabwa, kuutambasula ndi mikono yonse, kuupinda, kuutambasulanso, mpaka unagawika tizingwe tosalala ngati ulusi. Myeon wa makasitomala amatuluka m'makina. Izi Taerim anandiuza kalekale. Wa pamanja ndi wa apabanja okha.

Mbale imeneyo inadutsa pamphuno panga kupita kwa Hyerang.

Ndinatenga foni kulembera Dasom. "Ndikufa kuno. Ukamva ambulansi ndi ine."

Ndisanatumize, mthunzi unagwera patebulo langa. Anali amayi ake a Taerim. Anavala magalasi n'kundiyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka pa baji ya sukulu.

"Ndiwe wotsuka mbale uja."

Ndinadzuka mofulumira mpaka mpando unagwa.

"Ndine Boreum, azakhali. Pepani. Muli bwanji?"

"Mu Gunsan yense nyumba imodzi yokha ndi imene imabweza mbale zonunkhira sopo. Ndipo mwana wanga akapita kukazitenga, njinga imayenda pang'onopang'ono ngati ili ndi chifuwa. Khala pansi."

Anaika mbale patsogolo panga. Simunali myeon. Munali mandu, timatumba ta ufa tokhala ndi nyama ndi masamba mkati, koma osati okazinga aja omwe amawonjezera kwa makasitomala. Awa anali owiritsa, oyera, onenepa, akutuluka nthunzi, m'mphepete mwake muli zidindo za zala.

"Ndinaitanitsa jajangmyeon, azakhali."

"Ndamva. Lero udya izi."

Anabwerera kukhitchini.

Ndinayang'ana pakhoma pomwe analemba zakudya zonse. Mandu owiritsa panalibe. Mtima wanga unayamba kuvina. Ndinafufuta uthenga uja n'kulemba wina: "Dasom!!! Amayi ake akundidziwa! Andipatsa chakudya cha m'nyumba, chosagulitsa! Yamba kusaka diresi."

Dasom anayankha msanga: "Iwe misala. Jambula ndione."

Ndinajambula. Ndinadya. Ndikaluma, msuzi wotentha unkatuluka mkati n'kundiwotcha lilime, koma sindinasamale. Ndinkadziona nditavala epuloni, ndikuphunzira Chitchaina, ndikuseka nawo patebulo la pakona lija. Ndinafika mpaka posankha dzina la mwana wachiwiri.

* * *

"Akoma?"

Hyerang anali ataimirira pambali panga, tambula ya tiyi ili m'manja. Ananyamula maluwa anga pampando n'kuwaika pamabokosi, iye n'kukhalapo.

"Akoma kwambiri," ndinatero.

"Azakhali amawadziwa. Ndiwe Boreum, eti? Taerim anandiuzapo za iwe. Amati pali kamwana ka sukulu kolemba mauthenga aatali."

"Sukulu ndamaliza lero, asisi."

"Aa, wakula ndiye." Anamwa tiyi. "Wadya angati?"

"Sindinawerenge."

"Wachita bwino kudzatsazikana mwaulemu chonchi. Ena amachita zolira."

"Kutsazikana ndi ndani?"

Anandiyang'ana, kenako anaphimba pakamwa ndi dzanja. Kuseka kwake kunali kwa pansipansi, kwa munthu amene wapeza ndiwo yomwe samayembekeza.

"Mayo ine, sukudziwa? Miyezi yonseyi sanakuphunzitse kalikonse? Tamvera, mwana iwe. Kwathu munthu akafika kuchokera kutali timamuphikira myeon. Ndi wautali, amamanga miyendo kuti mlendo akhalitse. Munthu akamachoka timamuphikira mandu. Ngakhale mwana wa zaka zitatu akaona mandu owiritsa masana ngati ano amafunsa kuti akupita ndani."

Analoza mbale yake yopanda kanthu pakona paja, kenako analoza yanga.

"Ine ndafika lero. Nanga iwe ukupita kuti?"

M'mbale munali mutatsala limodzi. Ndinaliyang'ana. Bambo woyimba uja anali atayambiranso nyimbo yake, anthu akuwomba m'manja. Foni yanga inawala: Dasom anali atatumiza zithunzi zitatu za madiresi.

Mawu a amayi ndinawakumbukira. Sindinalire pagulu. Ndinatenga maluwa anga ndi setifiketi, n'kutulukira khomo lomwe linali pafupi, la kuseri.

* * *

Kuseri kunali kanjira kopapatiza, matumba a anyezi, ndi njinga yamoto ija itafundidwa pulasitiki. Misozi inayambira pamenepo. Sipanathe mphindi, Taerim anatuluka wopanda jasi.

"Boreum, dikira."

"Amayi ako andithamangitsa ndi chakudya! Ine n'kudya, n'kunyambita milomo, n'kujambula chithunzi! Munali kuseka nonse kukhitchiniko?"

"Palibe amene wakuthamangitsa."

"Mlongo wako uja wandiuza zonse."

"Hyerang amanena theka la nkhani, theka linalo amasunga m'thumba."

"Ndiye ndipatse theka linalolo. Lero. Pompano. Ndatopa ndi 'kenako'."

Anayang'ana pansi. Chipale chinkagwera pamkono pake, pa chipsera cha mafuta chomwe ndinkakonda kuchisisita ndi chala tikakhala pamasitepe.

"Mandu aja amayi anayamba kukulunga m'mawa, iwe usanabwere. Sanapangire iwe." Anadzutsa maso. "Ndi anga."

Sindinamve bwino. Kapena ndinamva, koma mutu unakana.

"Ndikupita ku Taipei. Amalume andipezera malo kwa wophika wamkulu wa kuhotela, ndikaphunzire. Zaka ziwiri. Hyerang wabwera kudzathandiza amayi m'malo mwanga."

"Liti?"

"Mawa. Basi ya ku bwalo la ndege imanyamuka seveni koloko m'mawa."

"Mawa." Ndinaseka, koma kuseka kwake kunali konyansa. "Unadziwa liti?"

"Mwezi watha."

"Mwezi watha unandigulira magolovesi. Unati chaka chamawa tidzapita kukaona maluwa ku Jinhae."

"Ndinkafuna umalize mayeso kaye. Kenako ndinati udutse tsiku la lero. Ndinalemba uthenga kasanu, Boreum, kasanu konse ndinafufuta."

"Ukanandiuza uli m'ndege? Kapena ukanatumiza Hyerang kudzatenga mbale?"

"Ndikanabwera madzulo ano."

"Mphindi khumi, injini ikulira."

Anafuna kundigwira dzanja koma m'manja mwanga munali modzaza maluwa ndi setifiketi, ndipo sindinamuthandize.

"Wawauza amayi ako kuti ine ndine ndani?"

"Amadziwa."

"Sindinafunse zimenezo. Iweyo, ndi pakamwa pako."

Makutu ake anafiiranso. "Ubwere mawa kudepoti," anatero motsitsa. "Chonde. Ndikufuna nkhope yomaliza kuiona ku Gunsan ikhale yako. Ukabwera ndidziwa kuti undidikira. Ukapanda kubwera, ndimvetsa."

Mkati wina anakuwa dzina lake. Anayang'ana chitseko, anayang'ana ine, n'kulowa.

* * *

Ndinayenda mpaka kudoko lakale. Madzi anali ataphwa, mabwato atakhala pamatope ngati atayidwa. Ndinakhala pabenchi ola lathunthu, maluwa ali pamiyendo. Anthu odutsa ankamwetulira n'kunena kuti zabwino zonse. Ndinkawerama kuthokoza.

Zaka ziwiri. Hyerang m'khitchini muja tsiku lililonse, akuphunzira mchere womwe amayi aja amakonda, akuyankha foni ya ku Taipei, akuseka nawo m'chilankhulo chomwe ine sindimva. Ndipo tsiku lomwe Taerim adzatsike basi, wina adzamenyetsa mtanda pathabwa kuti amumange miyendo. Ine ndidzakhala kuti? Pamasitepe?

Amayi amanena zoona, ndimathamanga nsapato zili m'manja. Ndinanyamuka.

Itakwana fili koloko lesitilanti amaitseka kuti apume. Ndinapeza mipando itakwezedwa pamatebulo. Taerim anali atapita kukatenga mbale m'makomo, ulendo wake womaliza. Amayi ake anali okha patebulo la pakona, akusenda adyo.

"Tatseka."

"Ndikudziwa, azakhali."

"Waiwala chiyani?"

"Palibe. Ndabwera kudzafunsa. Munandipatsiranji mandu aja?"

Sanadzutse mutu. "Mwana wanga ndi wamantha ngati bambo ake. Bambo ake anatha chaka akudutsa pakhomo pathu, osagogoda. Uyu mwezi wathunthu akulephera kukuuza. Ndinati mbale imulankhulire."

"Ine sindinkadziwa tanthauzo lake."

"Ndiye vuto lakelo. Sudziwa kalikonse ka ife. Umadziwa kumwetulira kwake basi. Kumwetulira sikuchedwa kutha, mtsikana."

"Ndiphunzitseni."

Apa mpeni unaima.

"Chiyani?"

"Myeon wa pamanja. Akadzabwera, ndikufuna ndidzamuphikire ine."

Anavala magalasi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Bweretsa manja." Anawatembenuza uku ndi uku ngati akusankha nsomba pamsika, n'kufinya mkono wanga.

"Ngati tizitsotso ta nyemba. Unanyamulapo chiyani cholemera kuposa foni?"

"Ndidzalimba."

"Amayi ako akudziwa kuti uli kuno?"

"Akudziwa. Sakufuna."

"Ali ndi nzeru." Anabwerera ku adyo wawo. "Hyerang anayamba kugwira mtanda ali ndi zaka khumi. Agogo ake ndi agogo a Taerim anabwera pa bwato limodzi. Ukumva zomwe ndikunena?"

"Ndikumva, azakhali. Koma sindichoka."

Kunja kunadutsa galimoto yogulitsa mbatata zootcha, ikulengeza pa chimkuzamawu. Amayi aja anasenda adyo atatu. Ine ndinaima chiimire, madzi a chipale akudontha kuchokera kutsitsi langa kugwera pansi pomwe anali atakolopa.

"Ufa timakanda m'mawa, moto tisanayatse," anatero pomaliza. "Ine sindiphunzitsa munthu kawiri, ndipo sindidikira munthu. Ukachedwa ndi mphindi imodzi, usadzabwerenso, ngakhale ngati kasitomala."

"Sindichedwa! Ndibwere liti?"

"Mawa. Seveni koloko."

Ndinawerengera m'mutu. Kuchokera pa lesitilanti kukafika kudepoti ndi mphindi makumi awiri pa takisi.

"Azakhali, basi ya Taerim..."

"Ndikuidziwa nthawi ya basi ya mwana wanga. Ine sindikamuperekeza, ndamuphikira kale. Hyerang ndiye amuperekeza." Anakankhira makoko a adyo m'mbale ndi mpeni. "Iwe usankhe komwe ukufuna kukaima."

Foni inanjenjemera m'thumba mwanga. Ndinaitulutsa. Kwa nthawi yoyamba m'masiku anayi, Taerim anali atalemba mawu oposa limodzi.

"Ndidzakhala pakhomo lachitatu kuyambira hafu sikisi. Sindikwera mpaka dalaivala atandikalipira. Ubwera, eti?"

Ndinadzutsa maso. Amayi ake anali atanditambasulira epuloni yoyera, yopindidwa bwino, ndipo dzanja lawo silinkagwedera n'komwe.